Kachitsulo ka Amalume

Ku Lusaka ndinapita chifukwa cha amalume anga a Saidi, ndipo ndinabwerako chifukwa cha iwo omwewo. Zapakatipo, fumbi la ku komboni ya Mtendere, njala ya mwezi ukapita patali, apolisi ofunsa mapepala amene tinalibe, ndimazikumbukira mwa apo ndi apo. Koma dzanja lawo lamanja ndimaliona mpaka lero ngakhale nditatsinzina.

Iwo anatsogola kale ine ndili wamng'ono. Kwathu ku Nkhotakota ankabwerako mwa kamodzikamodzi, atavala mkanjo woyera ndi mzuli kumutu, ndipo mayi anga, omwe ndi mlongo wawo, ankatiopseza ndi dzina lawo tikalakwa. Mpunga utatikanika zaka zotsatizana, ine nditakwatira kale, mkazi wanga ali ndi pakati, kunabwera mawu akuti nyundo yachiwiri ilipo, mwana wa mlongo wawo abwere. Panalibe zofunsa ngati ndikufuna. Kwathu amalume akanena, iwe umangofunsa kuti basi inyamuka liti.

Anadzandichingamira ku siteshoni. Asanandifunse n'komwe za kumudzi anandikokera pambali nati, "Kuno usamati zinthu, uziti vinthu. Usamati ndifuna, uziti nifuna. Ukalephera, tseka pakamwa, ndiyankhe ine." Malangizo otsiriza aja ndinawasunga bwino zaka zambiri, ngakhale kuti ine pakamwa panga sipachedwa kutseguka.

Ntchito yathu inali yokhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa msika. Shedi yake inali ya malata otha ntchito, pakati pali chidutswa cha njanji chomwe tinkakhomerapo. Inali nthawi imene mafakitale ankagulitsidwa, anthu n'kumachotsedwa ntchito mwaunyinji, ndipo aliyense wopeza nyundo anadzitcha mmisiri. Kenaka kunasefukira zidebe zapulasitiki zotchipa zochokera kunja, amayi n'kuyamba kudutsa pashedi pathu ngati pali maliro a munthu wosamudziwa. Chinatipulumutsa ndi mbaula, pakuti pulasitiki sasunga makala amoto. Kochepa kamene tinkapeza tinkapatsira a Bwanali, munthu wakwathu yemwe ankabweretsa mpunga ndi usipa ku Lusaka, kuti akapereke kwa azikazi athu.

Tinkagona m'kachipinda kamodzi kwa Bana Mulenga, mayi wa Chibemba amene anachoka ku migodi mwamuna wake atamwalira. Anali munthu wamtima wabwino, koma wa pakamwa poposa panga. Vuto linali limodzi: kuseri kwa nyumba yake ankagulitsa kachasu, ndipo khomo lotulukira pabwalo linali limodzi, lathu ndi la zidakwa. Amalume sanamwepo chiyambire, ngakhale munkoyo, chakumwa chonga thobwa, ukangosasa pang'ono ankaukana. Ndinawauza kangapo kuti tisamuke, iwo n'kumati lendi ya kwina ingadye chakudya cha ana.

Za kachitsulo zinachitika ine ndikuona. Tinkadula mgolo ndi tchizulo, ine nditagwira, iwo akumenya. Ndinangomva kuti "Allah!" nyundo ili pansi, magazi ali chuchuchu pamwamba pa diso lakumanzere. Ndinati tipite kuchipatala. Anandiyang'ana ndi diso linalo, nasamba ndi madzi a m'chidebe, namanga kansalu, natola nyundo. Bala linapola n'kusiya kachotupa kakang'ono pansi pa nsidze.

Tinali ndi maginito amene tinachotsa mu sipika ya wailesi yakufa, otolera timisomali m'fumbi. Tsiku lina amalume akupukuta thukuta ali nawo m'manja, anamva khungu likukokeka. Anayesanso, ine ndikuyang'ana, ndipo kachotupa kaja kanatukuka n'kutsatira maginito. Apa tinadziwa kuti kachitsulo kanatsalira m'kati, ndipo tinaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo anasandutsa zimenezi sewero lokopera makasitomala, ndipo amayi ogulitsa tomato ankaitanizana kuti adzaone ba Saidi wa nsimbi m'mutu, pakuti kumeneko chitsulo amati nsimbi. Panalibe aliyense wa ife amene anaganiza kuti kanthu koseketsa kameneka kadzatilekanitsa.

Matenda a amalume anayamba mwaulemu. Akakhala chete, chala chachikulu cha kumanja chinkasisitana ndi chinzake monga munthu wowerenga mikanda yopempherera ya tasibihi, ndipo kumzikiti ena ankayamikira kuti mkuluyu Mulungu samuiwala ngakhale mphindi. Kenaka dzanja lonse linayamba kugwedezeka. Chodabwitsa chinali choti akagwira nyundo linkakhala bata kanthawi, akaliika pabondo n'kuyambiranso. Mapazi anayamba kukwakwaza pansi, masitepe n'kufupika, ndipo pofuna kukhota ankazungulira thupi lonse modzandira. Mawu anatsika, nkhope inauma moti sunkadziwa ngati akondwa kapena akwiya. Kudzuka pampando inasanduka ntchito yofuna munthu wowakoka.

Kuchipatala chachikulu dokotala anati ndi matenda a Pakinsoni, a muubongo, osapatsirana ndiponso osachiritsika. Anawapatsa mapiritsi amene anathandiza ndithu poyamba, kungoti mwezi wina ankapezeka, mwezi wina ayi. Koma m'komboni dzina la matendawo panalibe amene ankalidziwa. Chimene anthu ankadziwa n'chakuti munthu wotuluka pabwalo la Bana Mulenga m'mawa akudzandira, manja akunjenjemera, mawu osamveka, ndiye kuti wagona ndi botolo.

"Ba Saidi nabo bayamba," ndinamva kondakitala wa minibasi akuuza mnzake. "Chisoti cha mzikiti pamutu, kachasu mu mimba."

Ndinamulumphira, ndipo akanapanda kundigwira anthu bwenzi nditagona kupolisi. Amalume atamva anandikalipira ine, osati kondakitalayo.

Bana Mulenga naye zinkamupweteka. "Imwe ba Saidi, osamvela vokamba banthu," ankatero. "Ine nagulitsa ivi vinthu myaka yambili, niziba kwanja kwa chakolwa. Chakolwa akamwako kamodzi kwanja kuleka. Kwanu ni kwina." Zinali zoona, dzanja la chidakwa limaleka kunjenjemera chikamwako, koma umboni wa wogulitsa kachasu ungautengere kwa yani?

A Bwanali anafika m'mawa wina kudzatenga za kumudzi, nakumana ndi amalume pakhomo lija, akutuluka limodzi ndi zidakwa ziwiri zomwe zinalawirira. Anapereka salamu, amalume anayankha ndi mawu awo otsika aja, dzanja lili gwedegwede. Ndinaona maso a Bwanali akuyenda kuchokera padzanja kupita kuseri kwa nyumba. Ndinayesa kufotokoza za matenda, iwo n'kumangoti, "Eya, eya, matenda ndithu." Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ife mlomo wa a Bwanali unatitsogolera, unakafika kumudzi ife tili ku Mtendere.

Patapita miyezi kunabwera foni. Zainabu, mwana wamkazi yekhayo wa amalume, anapeza banja, ndipo mnyamatayo anali mdzukulu wa shehe wa kwathu. Nikaha, ukwati wathu wa Chisilamu, anaikonza kuti idzachitike Ramadani ikadzangotha. Pamwambowu bambo wa mkazi amakhala pamaso pa shehe n'kugwira dzanja la mkamwini, n'kupereka mwana wake ndi pakamwa pake. Koma akuchimuna anatumiza mawu akuti munthu womwa mowa sangagwire dzanja limenelo, ndiye ndi bwino a Yusufu, mng'ono wawo wa amalume, adzaime m'malo mwawo.

Amalume anabweza foni kwa mwini wake, nakhala pa njanji ija. Sanalire, nkhope yawo inali itaiwala kale kulira. Anangogwira dzanja lamanja ndi lamanzere n'kulipanikiza pabondo, koma bondo nalo linayamba kugwedezeka.

"Mwana ndinabereka ndekha," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumenya chitsulo kuno chifukwa cha iye. Ndikafike dzanjali litakhala chete, aone okha."

Nkhani ya makina inabwera ndi Bana Mulenga. Mwana wa mng'ono wake ankakolopa pa kachipatala kolipira kumayadi, kamodzi mwa tambiri timene tinatseguka masiku amenewo. Dokotala wake anali atangobwera kuchokera kunja ndi makina a maginito, ndipo ankawayesa pa anthu ochepa odwala ngati amalume, mosalipiritsa kwambiri. Anzathu a kumzikiti anasonkha ndalama. Koma madzulo oti mawa tipita, mayi uja anawonjezera kanthu kena akutipatsa madzi.

"Ati bafunsa ngati uli na nsimbi mu mutu. Kuli mudala wina bamubweza, anali na waya mu chibwano."

Ine ndinayang'ana kachotupa kaja, amalume n'kundiona ndikuyang'ana.

M'minibasi m'mawa mwake anandiyandikira kukhutu. "Za disoli ukhale chete."

"Amalume, maginito a wailesi aja amakakoka. Nanga awa?"

"Kakhala mmenemo zaka zingati osandipha? Ramadani yayandikira. Akandibweza lero, ndiye kuti Yusufu wapereka mwana wanga. Ndinakuuza chiyani tsiku lofika? Ukalephera, tseka pakamwa, ndiyankhe ine."

Sindinawatsutsenso ulendo wonse. Amene sanakulire kwathu sangamvetse. Amalume ndiwo anakandifunsirira mkazi, ndiwo anapereka dzina kwa mwana wanga, ndiwo akanadzandiweruza ndikalakwa. Kuwatsutsa tili awiri kunali kale kupanda mwambo. Kuwatsutsa pamaso pa alendo, n'kuwasandutsa abodza, chinali chinthu chimene sindinamvepo kuti munthu anachitapo.

Dokotala anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, wolankhula mofatsa. Anawayendetsa amalume m'chipindamo, nawapinditsa mkono, nawauza kuti atsegule ndi kutseka zala mofulumira. Kenaka anatisonyeza makinawo: bokosi longa firiji yaing'ono, ndi chingwe chokhuthala chothera pa chinthu chooneka ngati nambala eyiti, chachikulu ngati chikhatho ndi theka.

"Nikambe zoona, ba tate," anatero. "Aka kamakina sikapoletsa matenda. Tikaika pamutu, maginito yangena mukati na kuutsa mbali ya bongo yamene iyendetsa thupi. Palibe kucheka, palibe kulasa nyeleti. Benangu thupi imamasuka, bayenda bwino. Benangu palibe chichitika. Kunjenjema kwa kwanja ndiye kovuta maningi, sininganene ati kuzasila. Na mapilisi osaleka."

Amalume anangogwedeza mutu. Ndikudziwa kuti pa mawu onsewo anamvapo amodzi okha, akuti ena zimawathandiza.

Nesi anabwera ndi mafunso ake. Anafunsa ngati anagwapo khunyu, iwo anati ayi. Anafunsa za mtima, za mankhwala, za mowa, ndipo pa la mowa anayankha mokweza kuposa mmene ndinawamvera chaka chonsecho. Kenaka linafika funso lija.

"Muli na nsimbi iliyonse mu mutu, ba tate? Mu menso, pa mukosi? Waya, chipolopolo, kalikonse?"

"Kulibe."

Mzuli anali atautsitsa mpaka pansidze. Nesi anawauza kuti auvule, koma kachotupa kanali kakang'ono, kobisika m'tsitsi la nsidze, ndipo iye anali kuyang'ana mawotchi ndi makiyi. Anatolera zonse zachitsulo, za iwo ndi zanga zomwe, naziika m'mbale kutali pakhomo. Pamenepo m'pamene mantha anandigwira zenizeni. Ngati makiyi a m'thumba mwanga, ine woima kukhoma, ankawaopa chonchi, nanga kachitsulo kogona pamwamba pa diso?

Anawakhazika pampando wotsamira, nawaika zotseka m'makutu. Dokotala anayatsa bokosi lija, nayesa chinthu chija m'mwamba kuti amalume azolowere phokoso. Chinalira kuti tha! ngati waya wamagetsi wathetheka. Anayamba kuyeza mutu ndi tepi, nalemba kadontho chakumanzere, mbali yomweyo ya kachotupa, pakuti ati dzanja lamanja limalamulidwa ndi ubongo wa kumanzere. Amalume anandiyang'ana. Nkhope inali youma monga mwa masiku onse, koma maso ankalankhula zomveka bwino.

Dokotala ananyamula chinthu chija n'kuchitsitsa kumutu.

"Dikirani!" Mawu anatuluka m'Chichewa chakwathu, vinthu ndi nifuna zonse zitathawa. "Ali ndi chitsulo pamwamba pa diso. Chinalowa tikudula mgolo. Maginito amachikoka, ndaonapo ndi maso anga."

Dokotala anabweza dzanja, nazimitsa makina, nakhudza pansidze ndi chala. Atakapeza kachotupako anapumira m'mwamba.

"Ba tate, ni zoona?"

Amalume anachotsa zotseka m'makutu pang'onopang'ono, dzanja likuvina kuposa kale lonse. Sanayankhe dokotala. Anayankha ine.

"Mwana wa mlongo wanga wanditcha wabodza pamaso pa anthu."

Dokotala anayesa kuwafotokozera kuti maginito amenewa ndi amphamvu kutalitali kuposa a wailesi, kuti kachitsulo kakanatha kutentha kapena kusuntha, ndipo diso lili pompo. Anati akajambulitse ekisire, akakachotsetse kuchipatala chachikulu, bala likapola abwerenso. Amalume anavala mzuli, nayesa kudzuka, nalephera. Nditatambasula dzanja kuti ndiwakoke monga mwa nthawi zonse, analikankha n'kugwira la nesi.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundilankhula. Musaganize kuti n'chinthu chaching'ono, anthu awiri ogona chipinda chimodzi, odyera mbale imodzi, okhomera pa njanji imodzi. Akafuna kanthu ankauza Bana Mulenga kuti, "Muuzeni uyo abweretse sizasi," ine ndili pomwepo. Dzina loti mphwanga, limene ankandiitana nalo chifikire, linatha. Ndinasanduka uyo.

Ine nanenso ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinkamenya mbaula ngati zandilakwira. Tsiku lina ndinauza Bana Mulenga kuti ndikupita kwathu, mkuluyu aone yekha.

"Uzayenda kuti iwe?" anandikalipira. "Nindani azabanyamula pa minibasi? Wabapulumutsa liso, manje ufuna bakuombele mu manja? Nkhala pansi."

Ndinakhala pansi. Koma usiku ndi usana funso linali limodzi: bwanji ngati kachitsuloko sikakanasuntha? Bwanji ngati ndawalanda mwana wawo chifukwa cha mantha anga?

Kuchipatala chachikulu mzere wake unali wosaona kumapeto. Ankatiuza kuti bwerani sabata yamawa, tikabwera n'kutiuzanso chimodzimodzi, mwezi wa Ramadani n'kumayandikira. Tsiku lililonse lobwezedwa amalume ankangondiyang'ana kamodzi, basi. Pomaliza anawaitana, ndipo ntchito imene tinaidikira nthawi yonseyo inatha msanga kuposa kukhoma mbaula imodzi. Kachitsuloko kanali ngati kambewu ka mpunga, kakuda. Anawapatsa pa thonje, iwo n'kukakulunga m'kansalu.

Bala litapola tinabwerera kumayadi, Ramadani itayamba kale. Nthawi yotsala inali yochepa kuposa imene dokotala ankafuna. Tinkapita m'mawa uliwonse kupatula Loweruka ndi Lamlungu, tonse tili pa swaumu, kusala kudya ndi kumwa, kukhosi kuli gwa. Tsiku loyamba dokotala anayendetsa chinthu chija pamutu mpaka chala chachikulu cha amalume chinadumpha chokha, iye nati apa ndiye pamalo pake. Kenaka chinayamba kulira tha tha tha motsatizana, n'kupuma, n'kuyambanso. Amalume anauza nesi kuti zikumveka ngati munthu akuwagogoda ndi chala pachigaza, ndipo masiku oyamba mutu unkawawawa pang'ono potuluka. Ine ndinkaima kukhoma, makiyi ali m'mbale.

Sabata yoyamba sitinaone kanthu. Chapakati pa yachiwiri, m'mawa wina ndikudikira kuti Bana Mulenga andiuze kuti ndiwadzutse, ndinangoona munthu waima yekha. Masitepe anatalikirako, mapazi anayamba kunyamuka pansi, mabatani a malaya anayamba kumanga okha ngakhale mochedwa. Bana Mulenga analuluta mpaka zidakwa zake zinatuluka kudzaona. Koma dzanja, dzanja limene tinapitira kumeneko, linangochepetsako pang'ono. Dokotala ananena mobwereza kuti ngakhale tikanayamba kale, kunjenjemera sikumva msanga makinawa, ndiponso kumasuka kwa thupiku kudzachepa pakapita miyezi. Amalume anamva zimenezo, koma m'mene ankandiyang'anira ndinadziwa kuti mlandu wa dzanjalo unali udakali pa ine.

Tinanyamuka Idi itangopita. Ulendo wonse, kutsika ku Luangwa, kudutsa pachipata cha Mwami, mpaka ku Nkhotakota, sanandiuze ngakhale liwu limodzi.

Kumudzi zinthu zinali zitasintha. Mwana wanga anathawa atandiona, n'kukabisala kumbuyo kwa amake. Mayi anga anali atakalamba moti ndinachita manyazi ndi kansalu kamene ndinawabweretsera. Koma zanga zinali zazing'ono. Azakhali, akazi awo a amalume, popereka madzi anawerama kwambiri kuposa mmene mwambo umafunira, ndipo ndinaona mphuno yawo ikufufuza fungo. Zainabu anagwada patali, maso ali padzanja la bambo ake. A Yusufu anali atasoketsa kale mkanjo watsopano.

Tsiku la nikaha mzikiti unadzaza, dzuwa lili paliwombo. Azimayi anali kuseri kwa nsalu, a Bwanali pamzere wachiwiri. Shehe, nkhalamba ya ndevu zoyera, anafunsa kuti woimira mkazi ndani. A Yusufu anayamba kukonza mkanjo wawo kuti adzuke.

Amalume anadzuka poyamba. Anadzuka pamkeka okha, popanda wowakoka, nayenda pakati pa anthu ndi masitepe a munthu wamba mpaka pamaso pa shehe. Kumeneko ndiko kumene makina aja anatigwirira ntchito, ndipo ine ndinkawerenga phazi lililonse ndi mtima wanga. Shehe anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anakodola mkamwini kuti asendere.

Anagwirana manja. Monga zinkachitikira ndi nyundo, dzanja litangogwira linakhala bata. Ndinapempha Mulungu kuti shehe afulumire. Koma shehe wa kwathu sadziwa kufulumira, anayamba ulaliki wa ukwati m'Chiarabu, mawu aliwonse n'kumawakoka. Ndinaona chala chachikulu chikuyamba. Kenaka chikhatho, kenaka mkono wonse, mpaka dzanja la mkamwini nalo linayamba kugwedezeka kufika m'chigongono, mnyamatayo maso ali pansi.

Kumbuyo kunayamba manong'onong'o. A Bwanali anatsokomola. Amalume ake a mkamwini, bambo wamtali wa mawu aakulu, ananena mosabisa kuti, "Shehe, si izi tinkanena zija?"

Shehe anasiya kuwerenga.

Amalume sanasiye dzanja la mkamwini. Ndi lamanzere anapisa m'thumba la mkanjo, natulutsa kansalu kaja, nakaika pamkeka. Mawu awo anali otsika moti anthu anachita kusendera.

"Dzanja ili likudwala. Botolo silinagwirepo. Ndikudziwa kuti mawu anga simuwakhulupirira, ndipo mwina mukulondola, chifukwa ine bodza ndinanenapo." Anafunyulula kansalu, kachitsulo kaja kali poyera. "Aka kanali m'mutu mwanga. Ndinauza dokotala kuti mulibe, pofuna kuti andichize msanga ndidzafike pano. Mwana wa mlongo wanga ndinamulamula kuti akhale chete. Iye anandiyalutsa pamaso pa alendo, ine amalume ake, amene ndinamupatsa nyundo. Mpaka lero sindinamulankhule."

Anatembenuka thupi lonse, monga ankachitira, mpaka maso awo anandipeza.

"Munthu amene anakana kundinamira pamene ndinamulamula, angandinamire lero ndisanamupemphe? Wagona nane chipinda chimodzi zaka zonsezi. Mufunseni."

Mzikiti wonse unatembenukira kwa ine. Shehe ananditchula dzina la bambo anga, nandifunsa ngati ndinawaonapo amalume akumwa, kapena kumva fungo, ngakhale kamodzi.

Ine wa pakamwa posachedwa kutseguka, tsiku limenelo mawu anandikanika.

"Ayi, shehe. Ngakhale kamodzi. Mulungu ndi mboni."

Shehe anayang'ana a Bwanali, a Bwanali n'kuyang'ana mkeka. Kenaka nkhalamba ija inatambasula dzanja lake n'kuliika pamwamba pa manja awiri aja, ndipo manja onse atatu ankagwedezeka pamodzi pamene amalume ankapereka Zainabu ndi pakamwa pawo. Kuseri kwa nsalu wina analira mokweza, ndipo ndinazindikira mawu a azakhali.

Anthu atayamba kutuluka ine ndinatsalira pakhomo, ndikufunafuna nsapato zanga pakati pa za anthu. Amalume anafika pamasitepe otsikira panja, naima. Masitepe otsika ankawavutabe. Panali a Yusufu pafupi, panali mkamwini watsopano, onse okonzeka kuthandiza. Iwo anatambasula dzanja lija kudutsa onsewo, likunjenjemera monga kale.

"Mphwanga, tandigwira."

Ndinaligwira, tinatsika.